Maselo Osesa Njira ya Mtsempha Woduka

Mtsempha wotumiza mauthenga ukaduka m'dzanja, gawo la kutsogolo kwa bala limafa n'kuphwanyika tizidutswatizidutswa. Wasayansi Augustus Waller anaziona zimenezi mu 1850 atadula mitsempha ya ku lilime la achule. Pa phunziro lonseli, chimene chandigwira mtima kwambiri ndi funso lakuti zinyalalazo amazichotsa ndani.

Oyamba kufika pabalapo ndi maselo oteteza thupi otchedwa ma neutrophil, m'maola ochepa chabe. Kenako maselo a Schwann, omwe amakutira mtsempha ndi mafuta otchedwa myelin, amasiya ntchito yokutirayo, amayamba kudya myelin wakufayo, uku akutulutsa puloteni yotchedwa CCL2 poitana maselo omeza zinyalala otchedwa ma macrophage kuchokera m'magazi. Ma macrophage akafika amameza zotsala zonse, moti ukawaona pa chithunzi cha maikulosikopu amakhala atatupa, m'kati mwadzaza timadontho ta mafuta. Zili ngati kusosa munda mvula isanagwe. Njira ikayera, maselo a Schwann amandandalika mzere ndipo mtsempha umamera kutsata mzerewo, pafupifupi milimita imodzi patsiku. N'chifukwa chake munthu wotemedwa ndi chikwanje pamkono amakhala miyezi zala zili dzanzi.

M'msana ndi mu ubongo kusesaku kumachedwa kwambiri. Myelin wakufa amakhalitsa, ndipo muli Nogo-A, puloteni imene imaletsa mtsempha kumera. Ma astrocyte, maselo othandizira mitsempha mu ubongo ndi mumsana, nawo amaika chipsera panjira. Mu 1981 asayansi Samuel David ndi Albert Aguayo ku Montreal, ku Canada, anaika kachidutswa ka mtsempha wa kumwendo m'makoswe, mitsempha ya mumsana n'kumera bwinobwino m'kachidutswako. Ine ndimaona kuti umboni umenewu ndi wolemera, chifukwa ukusonyeza kuti mphamvu yomera ilipo, chikuvuta ndi malo.

Koma maselo oteteza thupi omwewa amatha kuwononga, ndipo apa mpamene ndinaganiza za khate. Kachirombo koyambitsa khate, Mycobacterium leprae, kamakhala m'maselo a Schwann. Chitetezo cha m'thupi chikakadzukira mwamphamvu, mtsempha umatupa, makamaka wa pachigongono, ndipo chala chakanise ndi chinzake chimapindika. Izi zimachitika ngakhale wodwala atayamba kale mankhwala. Achipatala amapereka mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa prednisolone kuti aziziritse chitetezocho mtsempha usanafe.

Funso limene ndikufuna kulifufuza tsopano ndi la nthawi: kudzuka kwa chitetezo cha m'thupi kumasiya liti kuthandiza n'kuyamba kupweteka, nanga macrophage imadziwa bwanji kuti kusesa kwatha?