Chiphapha chija chayenda, ndabwera kudzathokoza

Loweruka lapitali ndinatuluka pageti ndi Chevrolet SS ija ikuyenda yokha, popanda woikankha kapena chingwe choikoka. Mapepala ake ali m'manja, ndipo yakhoza mayeso a roadworthy, oona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, ulendo wachiwiri. Anzanga a kuno ku Joni amene mwakhala mukundifunsa kuti "kodi chiphapha chija chilipobe?", yankho ndi limenelo. Koma sindinabwere kudzadzitama. Ndili ndi ngongole ya zikomo kwa anthu angapo, ndipo ndikufuna kuibweza poyera.

Galimotoyi ndi ya 1972. Ndinaipeza mu 2019 kuseri kwa nyumba ya mkulu wina ku Benoni, itakhala pa njerwa, matayala ataphwa, makoswe atamanga mudzi m'mipando. Ndinapita kukakonza bakkie (pikapu) yake, koma maso anga anali pa chitsulo chofundidwa lona chija. Mkuluyo anandigulitsa pamtengo wachifundo, n'kundilola kulipira pang'onopang'ono. Anamwalira galimotoyi isanalire. Zikomo yoyamba ikupita kwa iye ndi kwa ana ake, amene anandisakira mapepala akale m'makatoni pomwe akanatha kungondiuza kuti alibe nthawi.

Kwa amene simuidziwa, dzina lake limanamiza. Pa boneti palembedwa Chevrolet, koma thupi lake ndi la Holden Monaro HG ya ku Australia. Kampani ya General Motors inkazilumikiza ku Port Elizabeth, komwe lero ndi Gqeberha, n'kuziika nkhope ina ya nyali zinayi. Yangayi ili ndi injini ya V8 ya Holden yotchedwa 308, ya malita 5. Vuto lake n'lakuti makolo ake onse anapita: General Motors inachoka ku South Africa mu 2017, ndipo chaka chomwecho fakitale ya Holden ku Australia inasiya kupanga magalimoto. Ndiye ndi mwana wamasiye ameneyu. Ukalowa m'sitolo ya zipangizo n'kutchula dzina lake, mnyamata wa pakauntala amayang'ana pakompyuta, kenako amayang'ana iwe.

Mayi a kunyumba, ndiyambe ndi inu pa amoyo. Munandipatsa galaja yonse, zaka zisanu galimoto yathu yoyendera ikugona panja, ngakhale nyengo ya matalala. Munapeza kabureta itaphwasulidwa pa tebulo lodyera, tizitsulo take tili m'mbale zanu za alendo, ndipo munangoti, "Bambo, tidyera pati lero?" Ndalama ya chipereganyu ya 2021, imene tinagwirizana kuti tigule firiji, inathera pa mapisitoni ndi mabering'i. Sindinaiwale. Firiji ija ibwera mwezi uno usanathe, ndalemba pano kuti anthu onsewa akhale mboni.

Nthawi ya lockdown, kuyambira kumapeto kwa Marichi 2020, ntchito itaima, m'pamene ndinaivula yonse mpaka kutsala chigoba. Apo m'pamene ndinadziwa chimene ndinagula. Nditachotsa kapeti, ndinaona simenti ya galaja kudzera pansi pa mpando wa dalaivala. Dzimbiri linadya pansi ponse, m'munsi mwa zitseko, ndi kuseri kwa matayala akumbuyo komwe matope amakhazikika. Wina kalekale anabisa mabowo ndi phala la body filler lochindikala ngati chigumu, n'kupaka penti pamwamba. Tsiku limenelo ndinakhala pa kreti ya zakumwa mpaka mdima, ndikuwerengera kuti a zitsulo zakutha angandipatse zingati pa kilo.

Amene anandiletsa ndi madala ena a ku Mozambique, a ku Tete, amene timapemphera nawo. Ntchito yawo ndi yowongola ndi kuwotcherera magalimoto, ndipo timalankhulana Chinyanja chathu chomwechi. Anabwera, anagogoda chitsulo ndi nyundo uku akumvetsera, n'kunena kuti, "Mwana wanga, msana wake ndi wamoyo. Zinazi ndi zovala chabe." Loweruka lililonse ankafika ndi lumo lodulira malata ndi nyundo zawo. Ankajambula chigamba pa katoni, kuchidula pa chitsulo chatsopano, kuchipinda pa chipika cha mtengo, kenako kuwotcherera kadontho apa, kadontho apo, kudikira kuti pazizire. Ine ndinkafuna kuthamanga, kungowotcherera mzere umodzi wautali. Anandisiya ndiyese pa chitseko chimodzi. Chitsulo chinapindika ndi kutentha ngati chikopa chouma padzuwa, ndipo tinataya masabata awiri kuchiwongola. Sanandinyoze, anangondipatsa nyundo. Madala, ndalama munakana, munkangolandira nsima ndi usipa wochokera kumudzi. Mulungu akusungeni.

Kenako kunabwera kuzimazima kwa magetsi. Mu 2022 ndi 2023 tinkagwira ntchito motsatira ndandanda ya load shedding pa foni: magetsi akabwera 10 koloko usiku, guraindala imalira 10 koloko usiku. Aneba anga a mbali zonse ziwiri, munali ndi chifukwa chokwanira chondiitanira apolisi, koma simunatero. Mmodzi mwa inu mpaka anandibwereka jenereta pa tsiku lopopera penti, kuopa kuti kompuresa ingaime pakati pa ntchito.

Za injini ndiye pali nkhani yochititsa manyazi, koma ndiinena. Inali itagwirana, yosatembenuka. Tinaithira mafuta m'masilinda kwa masabata angapo mpaka inamasuka. Mitu yake ndinaipititsa kokaikitsa mipando yolimba ya mavavu, chifukwa injini za nthawi imeneyo zinapangidwira petulo wa mtovu, amene kuno anasiya kugulitsa mu 2006. Zonse zitabwerera m'malo, ndinalumikiza mawaya a mapulagi mwa chizolowezi cha V8 ya Chevrolet, 1-8-4-3-6-5-7-2, ndondomeko imene ndimaitchula ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Nditapotokola kiyi, kabureta inalavula moto, nsidze za mlamu wanga zinapserera, galu wa aneba anathawira mumsewu. Masiku atatu ndinkakayikira china chilichonse kupatula mutu wanga. Achimwene a ku Zimbabwe odziwa za magetsi a galimoto anabwera, anayang'ana mphindi zochepa, n'kufunsa kuti, "Injini iyi ndi ya ndani?" Ya Holden imayaka motsatira 1-2-7-8-4-5-6-3. Ine makaniko wa zaka zonsezi ndinawerenga dzina la pa boneti m'malo moyang'ana injini. Achimwene, zikomo pondikonzera, komanso posaiulula nkhaniyi pagulu lathu la WhatsApp. Alamu, nsidze zinamera, tikhululukirane.

Itayaka bwino tinaisiya ikulira mphindi 20 injini ikuzungulira ka 2,000 pa mphindi kupita m'mwamba osaitsitsa, kuti camshaft yatsopano, chitsulo chotsegula mavavu, ikhazikike. Mkokomo wake m'galaja yaing'ono ija unkamveka m'chifuwa, osati m'makutu. Madala a ku Tete anavula chipewa.

Msuweni wanga amene ndi namwino ku Adelaide ku Australia, iwe unanyamula malabala a magalasi ndi a zitseko m'sutikesi yako pobwera ku tchuthi, n'kusiya nsapato zimene unagulira ana ako. Unkajambula zithunzi m'sitolo ya zipangizo za Holden zakale n'kumanditumizira usiku, osadziwa n'komwe dzina la chimene ukugula. Popanda iwe mvula ikanamalowabe.

Mapepala anatenga miyezi, kuphatikizapo kupita nayo kupolisi pa ngolo kuti akaone manambala a injini ndi a chasisi. Mayeso oyamba inalephera chifukwa cha buleki ya pamanja ndi nyali imodzi yoyang'ana kumwamba. Anali ndi chifukwa, sindinatsutse.

Womaliza ndi mwana wanga wachisamba. Unayamba kundigwirira tochi uli ndi zaka 11, ukuwalitsa paliponse kupatula pomwe ndikufuna. Lero ukudziwa kusiyanitsa sipanala ya 9/16 ya inchi ndi ya mamilimita 14, ndipo mabuleki tinachotsa mpweya tili awiri, iwe ukupopa ine ndili pansi. Ndinakukalipira kambirimbiri pa zolakwa zanga zomwe. Loweruka unakhala kutsogolo, mayi ako kumbuyo atagwira chitseko, tikuzungulira ku Boksburg mawindo ali otsitsa. Geji ya petulo sikugwirabe ntchito, n'chifukwa chake tinayenda ndi chigubu m'buti. Kiyi sindikupatsa mpaka utapeza laisensi, koma geji ija ndakusiyira, ukonze wekha.