Kaundula wanga wa mabuku a Chipwitikizi wapeza mutu wokwanira maiko onse asanu

Kaundula amene ndakhala ndikukonza wa mitu ikuluikulu ya m'mabuku a Chipwitikizi olembedwa ndi anthu a mu Africa tsopano waima bwino, ndipo mwa maiko asanu, Angola, Mozambique, Cape Verde, São Tomé ndi Guinea-Bissau, palibenso dziko limene malo ake atsala opanda kanthu. Amene mwakhala mukutsatira ntchitoyi mukudziwa kuti buku lililonse kapena ndakatulo iliyonse ndimailembera khadi lake, ndipo makhadiwo ndimawasanja malinga ndi dziko komanso mutu wa nkhani. Mutu umene unali patsogolo kuyambira pachiyambi ndi wa nkhondo yomenyera ufulu. Ku Angola ndi ku Mozambique makhadi a mutu umenewu anachuluka msanga, kuyambira ndakatulo za Agostinho Neto za mu Sagrada Esperança mpaka Mayombe, buku la Pepetela lokamba za asilikali a MPLA, chipani chomenyera ufulu wa Angola, m'nkhalango ya ku Cabinda ndi kusankhana mitundu kumene kunali pakati pawo. Koma pazilumba za Cape Verde ndi São Tomé sipanamenyedwe nkhondo ya m'tchire, popeza ngakhale chipani cha PAIGC, chimene chinkamenyera Cape Verde, nkhondo yake chinaimenyera ku Guinea-Bissau. Choncho mabuku a pazilumbazi ankaoneka ngati oyenda padera.

Mutu umene wakwanira onse ndi wa munthu wochoka kwawo kukagwira ntchito kutali. Ku Angola ndayambira pa ndakatulo ya António Jacinto yotchedwa Carta dum contratado, m'mene mwamuna wotengedwa pa kontrakiti akulakalaka kulembera kalata wokondedwa wake, akutchula zonse zimene akanalembamo, koma pamapeto tikumva kuti iye sadziwa kulemba ndipo mkaziyo sadziwa kuwerenga. Ku Mozambique ndaikako Magaíça ya Noémia de Sousa, yonena za munthu wobwerera kuchokera ku migodi ya ku South Africa atanyamula timakatundu tonyezimira, unyamata ndi thanzi lake zitatsala pansi pa nthaka. Owerenga a kwathu kuno safunika kuwamasulira zambiri pa ndakatulo imeneyi, chifukwa Wenela yomwe inkalemba anthu a kumwera kwa Mozambique ndi imene inkatenganso agogo athu kupita nawo ku Joni. Ku São Tomé minda ikuluikulu ya koko inkalimidwa ndi antchito ochokera ku Angola, ku Mozambique ndi ku Cape Verde, ndipo kuphedwa kwa anthu ku Batepá mu 1953, kumene Alda Espírito Santo anakulembera ndakatulo, kunabuka pamene eni chilumbacho ankaopa kuti boma liwakakamiza kugwira ntchito yomweyo. Ku Guinea-Bissau kuli A Última Tragédia ya Abdulai Sila, ya mu 1995, m'mene mtsikana Ndani akuchoka kumudzi kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa Apwitikizi mumzinda wa Bissau, ndipo dona wa panyumbapo akumuchotsera dzina lake n'kumupatsa lachizungu.

Chimene chinandidyera masiku ambiri ndi khadi limodzi lokha, la Chiquinho, buku la Baltasar Lopes wa ku Cape Verde limene linatuluka mu 1947. Lopes anali mmodzi mwa amene anayambitsa magazini ya Claridade ku Mindelo mu 1936, pamodzi ndi Manuel Lopes ndi Jorge Barbosa, ndipo nkhani yaikulu ya gulu lawo inali chilala, njala ndi nyanja. Chiquinho akukulira pachilumba cha São Nicolau, akupita kukaphunzira ku São Vicente, akubwerera kwawo kudzakhala mphunzitsi, ndipo chilala chitasakaza mudzi ndi kubalalitsa ana a sukulu, akukwera sitima ya pamadzi kutsatira bambo ake ku America. Funso langa linali lakuti, kodi n'chilungamo kuika mnyamata wophunzira ameneyu, amene palibe msilikali kapena kapitawo anamugwira pakhosi, pamodzi ndi munthu wa chibalo wa m'ndakatulo ya Jacinto? Ndikawaika pamodzi ndinkaona ngati ndikuchepetsa nkhanza za lamulo la atsamunda lokakamiza anthu ntchito, lamulo limene linafika mpaka 1961 likadasiyanitsa mbadwa wamba ndi munthu wotchedwa assimilado, amene boma linkamuvomereza kuti watengera chikhalidwe cha Chipwitikizi. Ndikawalekanitsa, Cape Verde inkatsalanso yokha.

Ndinayesa kugawa mutuwo pawiri, mbali ina ya otengedwa mokakamiza, mbali ina ya othawa njala, koma mbiri yeniyeni inakana kugawidwa choncho. M'zaka za njala za m'ma 1940 anthu ambiri a ku Cape Verde analembetsa okha makontrakiti opita kuminda ya koko ya ku São Tomé, ndipo kumeneko ankagwira ntchito limodzi ndi amene anabwera atamangidwa. Munthu amene njala yamukankhira mu sitima sitinganene kuti wasankha, ngakhale chala wadinda yekha papepala.

Njira inatseguka nditasiya kufunsa za amene anamuchotsa munthuyo pakwawo, n'kuyamba kufunsa za mmene uthenga wake umafikira kwa amene anatsala. Funso limeneli likusanja makhadi onse popanda kuwakakamiza. Mu Chiquinho makalata ndi ndalama zochokera kwa bambo ku America ndi zimene zikusunga banja, motero ulendo uli ndi phindu looneka ngakhale uli wowawa. Kwa Jacinto kalata silembedwa n'komwe. Kwa Noémia de Sousa uthenga ndi thupi la mwini wake lobwerera litatheratu. M'ndakatulo za Conceição Lima zokumbukira antchito amene anafera kuminda ya ku São Tomé palibe chimene chinabwerera kwawo, ndipo mlakatuliyo ndi amene akutenga udindo wowatchula. Ndikuona kuti kasanjidwe aka kakuonetsa kusiyana kwa pakati pa Chiquinho ndi munthu wa chibalo momveka bwino kuposa kuwaika m'mabokosi osiyana, chifukwa kusiyanako kukuchokera m'zolembedwa zenizenizo osati m'maganizo a wosanja makhadi.

Terra Sonâmbula ya Mia Couto wa ku Mozambique, imene inatuluka mu 1992, chaka chimene FRELIMO ndi RENAMO anasainirana mtendere ku Rome, ndaiika m'mphepete mwa gululi. Mkulu Tuahir ndi mnyamata Muidinga sakupita kukagwira ntchito, akuthawa nkhondo monga anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene analowa m'Malawi nthawi imeneyo. Komabe makope a munthu wina dzina lake Kindzu amene akuwapeza pafupi ndi basi yopsa ndi uthenga wa munthu wochoka kwawo, umene wafika kwa anthu amene sanaulembere, ndipo pachifukwa chimenechi khadi lake likhala pamenepo kufikira wina atanditsutsa.

Ena mwandifunsa za kumene ndimapeza mabukuwa. Ambiri a ku Mozambique amandibweretsera mlamu wanga amene amachita malonda ku Tete, ndipo ndimamupempha kuti azifunafuna osindikizidwa ndi Ndjira ya ku Maputo kapena Caminho ya ku Lisbon. A ku Cape Verde ndi ovuta kwambiri kuwapeza, ndipo Chiquinho wanga ndi wakale, mapepala ake ofiirira, m'mbali muli zolemba za pensulo za munthu wina amene ankachonga paliponse pamene patchulidwa mvula. Kwa ogulitsa mabuku akale pamsika nthawi zina pamapezeka nkhani za Luís Bernardo Honwana wa ku Mozambique zomasuliridwa m'Chingerezi mu African Writers Series, ndipo ndimalangiza oyamba kumene kuti agule, aziwerenga pambali pa Nós Matámos o Cão-Tinhoso ya mu 1964. Nkhani ya Dina m'bukumo, ya mkulu Madala amene akumwa vinyo wopatsidwa ndi kapitawo yemwe wangochita zachipongwe ndi mwana wake wamkazi m'munda wa chimanga, ndi imene inandiyambitsa ntchito yonseyi.

Makhadi amene akudikirabe ndi a Paulina Chiziane, makamaka Niketche ya mu 2002 yokamba za mitala, ndi Ualalapi ya Ungulani Ba Ka Khosa ya mu 1987, imene ikuonetsa mfumu yakale Ngungunhane ngati wankhanza pa nthawi imene boma la Mozambique linkamulemekeza ngati ngwazi. Awa akufuna mitu yawoyawo, wa amayi ndi ukwati, ndiponso wa kukhumudwa kwa pambuyo pa ufulu wa 1975. Ndikadzamaliza zimenezo ndikufuna kumasulira ndakatulo za antchito a kontrakiti m'Chichewa, ndiziike pambali pa nyimbo zathu za matchona, ndipo mwina ndidzayambe kuphunzira Kimbundu, chilankhulo cha ku Angola, pang'ono kuti ndithe kuwerenga Luuanda ya Luandino Vieira popanda kudumpha mizere.