Chipale chikagwa, ogwira ntchito afika bwanji?

Abale, nyengo yozizira ikayandikira kuno ku UK, mtima wanga umakhala pa anthu ogwira ntchito pabwalo la ndege. Kumbukirani Disembala 2010. Pa 18 chipale chofewa chinagwa pabwalo la ndege la Heathrow ku London, ndipo maulendo a ndege oposa 4,000 analephereka m'masiku ochepa chabe. Anthu ankagona pansi, mutu atatsamira chikwama, Khirisimasi ili pakhomo. Chinavutitsitsa ndi madzi oundana pamalo oimikapo ndege, chifukwa anthu ndi makina ochotsera anachepa.

N'zoona, ena ayenera kukhala pantchito zivute zitani: oongolera ndege, a Border Force (oona za anthu ndi katundu wolowa m'dziko), ndi a khonsolo othira mchere m'misewu usiku. Koma mabasi ndi sitima zikaima, munthuyo afika bwanji? Mabwana aziwapezeratu chipinda kuhotela yapafupi chipale chisanayambe, chakudya chotentha, komanso malipiro a maola owonjezera.

Ndimaganizira makamaka uja amene amaima panja mbandakucha, akupopera mapiko a ndege mankhwala osungunula madzi oundana, zala zitachita dzanzi. Munthu wotere asamadzifunire yekha thiransipoti yobwererera kunyumba, bwana amukonzere.