Foni ikamati waluza pomwe mdani alibe polowera

Ife amene timasewera chess ku Joubert Park, mu Johannesburg, Loweruka masana, ambiri tili ndi pulogalamu yosewera chess ya pafoni yotchedwa Stockfish m'thumba. Gemu ikangotha, zida zisanabwerere n'komwe m'malo mwake, mafoni atuluka kale. Sindikudana nazo. Kuyambira pomwe kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, katswiri wa dziko lonse wa nthawi imeneyo, mu 1997, palibe munthu wanzeru amene angatsutse kuti makinawa amatiposa. Koma pali malo amodzi pomwe nambala imene foni imapereka yosonyeza amene ali patsogolo imasocheretsa, ndipo zimandiwawa kuona ana athu akugonja m'magemu amene sanaluze.

Mwezi wathawu mnyamata wina wa ku Mangochi, amene amagulitsa m'shopu ku Fordsburg, anatsala ndi mfumu pa g8, pawn pa g7 ndi rook pa f6 (amenewa ndi maina a mabokosi a pabolodi: chilembo ndi mzere woima, nambala ndi mzere wogona). Mnzake anali ndi mfumu ndi kwini. Mnyamatayo anayang'ana bolodi pang'ono, n'kupereka mkono. Ndinamufunsa kuti, "Mphwanga, wagonjeranji?" Iye anati, "Achimwene, kwini ndi 9, ine ndili ndi 6. Onani, foninso ikuvomereza." Ankawerengera mphamvu za zida: kwini 9, rook 5, pawn 1. Inde, foni yake inkasonyeza kuti wa kwini ali patsogolo kwambiri.

Tinabwezera zida pamalo pake, ndipo ndinapempha wa kwini uja kuti atisonyeze m'mene akanapambanira. Rook inkangoyenda f6, h6, f6, h6, pawn ya pa g7 ikuiteteza konsekonse. Mfumu ya wa kwini uja inafika pa mzere wachisanu n'kuima, chifukwa mzere wachisanu ndi chimodzi wonse rook inali itautseka. Kwini inapereka check (kuopseza mfumu) kumanja, check kumanzere, koma kwini yokha siingaphe mfumu popanda wothandiza. Limeneli ndiye linga: uli ndi zida zochepa, koma wamanga mpanda woti mdani azingozungulira kunja mpaka dzuwa kulowa.

N'chifukwa chiyani makina amphamvu chonchi amavutika nalo? Injini ya chess, ndiye kuti pulogalamu ngati Stockfish, imagwira ntchito ziwiri. Imawerengera mtsogolo: ndikasuntha apa, iye asuntha apo, ine ndiyankha chonchi, mpaka pomwe nthawi yathera. Ikafika pamenepo imayeza bolodi n'kupereka nambala. M'linga, kaya iwerengere masitepe 20 kaya 40, kumapeto imapezabe kwini ili moyo, rook ili moyo, ndiye muyeso umati wa kwini ali bwino. Chimene imalephera kunena ndi chiganizo chachifupi chomwe munthu amachiona ndi maso: mfumu iyi sidzadutsa mzere uwu mpaka kalekale. Munthu sawerengera masitepe onse. Amapeza chifukwa, ndipo chifukwacho chimakwanira masitepe onse otsala.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi chomwe Roger Penrose, katswiri wa masamu wa ku Oxford amene analandira mphoto ya Nobel mu 2020, anatulutsa mu 2017. Woyera ali ndi mfumu ndi ma pawn anayi basi. Wakuda ali ndi kwini, ma rook awiri ndi mabishopu atatu. Koma kwini ndi ma rook atsekeredwa m'mbali mwa bolodi ndi ma pawn awo omwe, ndipo mabishopu onse atatu amayenda m'mabokosi akuda okhaokha. Mfumu yoyera ikamangoyenda m'mabokosi oyera, palibe angaikhudze. Makina a nthawi imeneyo ankati wakuda wapambana. Chokoma kwambiri m'chitsanzochi n'chakuti ma pawn oyera atha kudya rook, koma ukangodya watsegulira kwini chitseko. Kuti upulumuke uyenera kukana nyama imene yaikidwa pakamwa pako.

Kunena chilungamo, zinthu zasinthako. Malinga ang'onoang'ono makina amawadziwa tsopano, monga lija la bishopu ndi pawn ya m'mphepete pomwe bishopu sangafike bokosi la pakona, mfumu yofooka n'kungokhala pakonapo. Palinso ma tablebase, nkhokwe za mayankho a malo onse a zida zochepa. Ma tablebase otchedwa Syzygy, amene Ronald de Man anayambitsa mu 2013, anafika pa zida 7 mu 2018, ndipo pa webusaiti ya chess ya Lichess aliyense atha kuwafunsa kwaulere. Linga la mnyamata uja lili ndi zida 5 zokha. Titaliika pamenepo yankho linabwera nthawi yomweyo kuti ndi draw, palibe wopambana. Chiyambire 2020, pomwe Stockfish inayamba kuyeza bolodi ndi NNUE, njira yoyezera imene makina amaphunzira kuchokera ku zitsanzo zambirimbiri, muyeso wake unakhwimanso. Koma bolodi likakhala lodzaza ndi ma pawn olumana, zida n'kupitirira 7, nkhokwe ija siithandiza, ndipo vuto lakale limabwerera.

Chimene ndimauza anyamata ndi ichi: osayang'ana kukula kwa nambala, yang'anani ngati ikuyenda. Pomwe pali chipambano chenicheni, injini ikamazama nambala imakwera. M'linga imaima malo amodzi, ndipo masitepe angapo osiyana amalandira nambala yofanana ndendende. Mukaisiya kuti isewere yokha, mudzaona kwini ikupita uku ndi uku popanda cholinga, nambala n'kumatsika pang'onopang'ono pamene lamulo la masitepe 50 osadya kanthu kapena kusuntha pawn likuyandikira.

Komabe sikuti mpanda uliwonse ndi linga. Magnus Carlsen, amene anali katswiri wa dziko lonse, ananena poyera kuti iye sakhulupirira kwenikweni malinga, ndipo ali ndi mfundo: ambiri amagwa ukamukakamiza mdani kusuntha pomwe kusuntha kulikonse kukumuwonongera, kapena ukapereka chida nsembe kuti ung'ambe ma pawn. Ananena zimenezi mu 2016 ku New York, pa mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse, m'gemu yachinayi itatha. M'gemu imeneyo anali ndi mabishopu awiri ndi malo abwino, anamufinya Sergey Karjakin kwa maola ambiri, koma Karjakin anatseka njira zonse ndipo analepherana pa sitepe ya 94.