Kudziwa kolowera ndi kudziwa pomwe uli ndi zinthu ziwiri

Sabata ino ndakhala pa mutu wa kusamuka kwa mbalame ndipo chandigwira mtima kwambiri ndi kusiyana kwa kampasi ndi mapu. Kampasi imangokuuza kuti kummwera ndi uku, basi. Mapu ndi amene amakuuza pomwe waima. Mbalame zina zili nazo zonse ziwiri koma sizizipeza nthawi imodzi ayi.

M'zaka za m'ma 1950 Albert Perdeck wa ku Netherlands anagwira ma starling (mtundu wa mbalame) pafupifupi 11,000 ali pa ulendo wosamuka, anawaveka mphete kumwendo nkuwakweza ndege mpaka ku Switzerland, kukawamasula kumeneko. Ndiye tamverani izi, mbalame zazikulu zomwe zinayendapo kale zinazindikira kuti zasochezedwa, zinakhota nkuloza komwe zimakakhala chaka chilichonse kumpoto kwa France ndi ku England, pomwe tiana tomwe unali ulendo wake woyamba tinangopitiriza mbali yomweyo ngati palibe chachitika mpaka tinakathera kummwera kwa France ndi ku Spain. Ine apa ndinaima kaye. Ndekuti kamwana kali ndi kolowera kokha, mapu amabwera chifukwa choyenda.

Nanga kolowerako zimakudziwa bwanji? Dzuwa limathandiza, Gustav Kramer anaonetsa izi cha mu 1950 pomwe ankanamiza mbalame ndi magalasi, izo nkumasintha kolowera malinga ndi komwe dzuwa likuoneka kuti lili. Koma zambiri zimauluka usiku, ndiye nkhani ya Stephen Emlen ndi imene ndaikonda zedi. Ankaika kambalame kotchedwa indigo bunting mu kachipangizo ka pepala kooneka ngati fanulo, pansi pali inki, pamwamba sefa kuti kaziona kumwamba. Nthawi yosamuka ikakwana kambalame sikagona, kamangodumphadumpha, ndiye timapazi ta inki timadzaza mbali yomwe kakufuna kupita. Pepala ndi inki basi koma yankho lonse lili pomwepo, ine nzeru zoterezi zimandisangalatsa kuposa makina odula.

Kenako Emlen analera anapiye a indigo bunting mu planetarium (nyumba yoonetsa nyenyezi kudenga) nkumazunguza thambo lonamizira mozungulira nyenyezi ya Betelgeuse m'malo mwa Polaris yomwe ndi nyenyezi yeniyeni ya kumpoto, ndipo atakula ankatenga Betelgeuse ngati kumpoto kwawo. Tanthauzo lake sizibadwa zitaloweza nyenyezi, zimayang'ana malo omwe sakusuntha pomwe zina zonse zikuzungulira.

Palinso maginito a dziko. Wolfgang ndi Roswitha Wiltschko mu 1972 anapeza kuti robin, kambalame ka ku Europe, samva ngati kampasi yathu ya singano, amamva kupendekeka kwa mizere ya maginito, choncho amasiyanitsa mbali ya ku equator ndi mbali ya kunsonga kwa dziko. Chodabwitsa kampasi imeneyi imafuna kuwala kuti igwire ntchito, nchifukwa chake asayansi ambiri akuloza puloteni ya m'diso yotchedwa cryptochrome.

Pomwe pandidetsa nkhawa ndi poti zonsezi sizichedwa kusokonekera. Magetsi a m'mizinda amakoka mbalame zouluka usiku, zambiri zimafa pogunda nyumba zazitali zamagalasi. Ndipo ku Oldenburg ku Germany, kafukufuku wa mu 2014 anaonetsa kuti ma robin ankalephereratu kupeza kolowera chifukwa cha mafunde ofooka ochokera ku zipangizo zamagetsi, mpaka ofufuzawo atakuta timanyumba toyeseramo ndi aluminiyamu mpomwe mbalame zinayambanso kuloza bwinobwino.