Anati katemera wathu wapha nkhuku, chonsecho chinali chiuli

Sabata ino inayenera kukhala ya katemera wa chitopa basi. Lolemba ndi Lachiwiri zinayenda monga mukudziwira anzanga alangizi a ziweto: kulawira nkhuku zisanatuluke, dontho limodzi la katemera wa I-2 m'diso, kulemba m'kaundula, kupita khomo lina. Ena anali atatsegula kale makola ngakhale tinalengeza, ndiye ana n'kumathamangitsana ndi atambala m'zitsamba, ife tili chiimire ndi botolo m'manja dzuwa likukwera. Bokosi lathu loziziritsira katemera linasweka chivundikiro kalekale, timangolimanga ndi mphira. Zimenezo ndinatopa kuzinena.

Lachitatu m'mamawa foni inalira. Anali mayi wina wa m'gulu lomwe linalandira nkhuku kuchokera ku bungwe lina lothandiza alimi. Ngakhale moni sanapereke.

"Alangizi, mankhwala anu aja andithera nkhuku. Bwerani mudzaone nokha."

Pomwe ndimafika, nkhani inali itayenda kale. Pakhomo panali anthu, ndipo bambo wina amene ndinkayenera kutemera nkhuku zake tsiku lomwelo anandiuza maso ndi maso kuti ndisayerekeze kuponda kwawo. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya katemera akudziwa kuti mphekesera yotere ikagwira, chaka chonse chapita. Anthu adzabisa nkhuku, chitopa chidzabwera n'kusesa, ndipo mlandu udzagwera ife omwe.

M'kholamo munali nkhuku 19 zakufa mwa 24. Zinali mbwee, nthenga ponseponse, mazira ophwanyika, ndi thadzi lomwe linkafungatira litafera pachisa pomwepo. Ndinanyamula imodzi n'kuitembenuza anthu akuona. Pakhosi panali mabala a mano. Ina mutu unali wophwanyika. Zodyedwa zinali ziwiri zokha, zina zonse zinangophedwa n'kusiyidwa. Chitopa sichipha chonchi. Chimayamba ndi kuzyolika, kupuma movutikira, chitosi chobiriwira, zina khosi kupindika, ndipo nkhuku zimagwa motsatana kwa masiku angapo. Sichiluma pakhosi.

Ndinawatenga mayiwo ndi bambo anandikana aja kupita kuseri kwa khola. Panali dzenje lolowa pansi pa waya, dothi litakankhidwira kunja, wayayo atakokedwa n'kung'ambika. M'dothi lofewa munali mapazi ooneka bwino: zala zisanu, ndi zikhadabo zazitali zitalemba patsogolo ndithu pa phazi. Galu ndi nkhandwe amasiya zala zinayi. Vumbwe nayenso zinayi, koma iye zikhadabo amabisa poyenda, ndipo kawirikawiri amatenga nkhuku imodzi n'kukadyera kwina. Likongwe amasaka masana, amakonda anapiye ndi mazira. Mphamba ndi kabawi amawakha masana pabwalo. Njoka ndi ng'azi zikameza dzira kapena mwanapiye sizisiya chizindikiro, mwini amangoona chiwerengero chikutsika. Chokumba pansi usiku, kung'amba waya, n'kupha khola lonse osadya, ndi chiuli. Chikalowa malo otsekeka pomwe nkhuku zikuphupha popanda kothawira, chimangopitiriza kuluma chilichonse choyenda. Ndipo nkhuku siziona bwino mumdima, zimangokhala pomwe zagona.

Bambo aja anagwada, n'kuyang'ana mapaziwo nthawi yaitali. Kenako anati, "Ichi ndi chiulidi. Alangizi, mubwere masana kwathu." Mayi aja sanayankhule. Anangokhala pansi chitsamira khola.

Apa ndi pomwe mtima wanga unawawa, ndipo sunaleke mpaka pano. Mayiwa sanalakwitse kanthu. Anatseka khola dzuwa likulowa, anatemeretsa nkhuku, anamanga khola ndendende monga chithunzi chomwe bungwe lija linagawa. Waya anapatsidwa ndi iwo omwewo, uja wopyapyala wa mabowo a ngodya zisanu ndi imodzi amene timamutcha waya wa nkhuku. Ntchito ya waya ameneyu ndi kuletsa nkhuku kutuluka. Kuletsa chilombo kulowa sangathe. Galu wamkulu amamung'amba ndi mano, dzimbiri limamudya msanga pomwe wakhudza dothi, ndipo m'mabowo mwake mumadutsa makoswe ndi njoka. Chithunzicho chimaonetsa waya akulekezera pamwamba pa nthaka penipeni. Tinanena zimenezi pamsonkhano nkhukuzo zisanagawidwe. Yankho linali lakuti ndondomeko inavomerezedwa kale kumtunda ndipo singasinthidwe.

Chofunika si chinsinsi. Waya wowotcherera wolimba, wa mabowo osapitirira mamilimita 13, makamaka kuzungulira pomwe nkhuku zimagona. Pansi, mwina kumukwirira masentimita osachepera 30, mwina kumupinda n'kumuyala chogona kunja kwa khola masentimita 50 kapena 60 n'kufotsera ndi dothi kapena miyala. Ine ndimakonda njira yachiwiriyi chifukwa nyama yokumba imayambira m'tsinde mwenimweni mwa khoma, ikakumana ndi waya siganiza zobwerera m'mbuyo kukayambira patali. Kumene kuli chiuli ngakhale zimenezi ndimazikayikira, pokhapokha chipinda chogona chikhale cha njerwa kapena matabwa ochindikala, pansi pa simenti, chitseko chokwana bwino chokhala ndi loko weniweni osati kamtengo kopinga. Wopanda zipangizo zimenezi angakweze khola pa nsanamira pafupifupi mita imodzi, n'kukulunga nsanamirazo ndi malata kuti chokwera chiterereke. Waya wolimba wokwanira kachipinda kogona kokha akanapulumutsa nkhuku zambiri kuposa mpanda wonse wa waya wopyapyala uja.

Mayi aja ndinawauza akwirire nkhuku zakufazo mozama, zotsalazo azigoneka m'nyumba kufikira khola litakonzedwa, chifukwa chilombo chikapeza chakudya pamalo chimabweranso.

Lachinayi ndinadutsanso, n'kupeza zina. Amuna awo anali atatenga nkhuku imodzi yakufa, kuithira mankhwala ophera tizilombo ta m'munda, n'kuisiya pa dzenje paja. Chiuli sichinabwere. Anadya ndi galu wa oyandikana nawo, ndipo m'mawa anamupeza atauma. Akhwangwala awiri nawo anafera pomwepo. Tsopano pa nkhuku 19 paonjezeka mkangano wa mabanja awiri, ndipo galu amene amauwa usiku m'dera lonselo kulibenso. Ndinawakalipira, sindibisa. "Bambo, pakhomo pano pali ana. Nanga akanayamba kugwira ndi mwana?" Anangoti, "Nanga nditani alangizi, ndizingoyang'ana?" Funso lawo linali lomveka. Ndinawaletsanso zotchera msampha n'kukalimbana nacho ndi manja. Chiuli chimaluma koopsa, ndipo nyama zakutchire monga icho, nkhandwe ndi likongwe zimatha kukhala ndi chiwewe. Nkhani yochichotsa ndi ya a zanyama zakutchire. Ndinawaimbira, anandiuza kuti galimoto ilibe mafuta.

Tinathera masanawo tikukumba ngalande kuzungulira khola ndi kuyala malata akale omwe anali kuseri kwa nyumba, pamwamba n'kusanja miyala. Si ntchito yolembedwa m'ndondomeko yanga ya sabata. Ndinawaonetsanso kuti chakudya cha nkhuku chisamagone pansi usiku, chifukwa chimaitana makoswe, makoswe n'kuitana njoka ndi zina zowasaka, ndiponso kuti udzu wautali wozungulira khola audule.

Zina za sabatayi ndi zamasiku onse. Mbuzi yotupa mimba, ng'ombe ya nkhupakupa zodzaza m'makutu, mlimi wofuna kalata yoyendetsera nkhumba nthawi yoweruka itakwana. Katemera tinamaliza ndithu, ndipo m'makomo ambiri munali bambo anandikana aja akutsogolera, akufotokozera anzawo za zala zisanu ngati anazitulukira okha. Ndinawasiya, zinandithandiza.

Lachisanu ndinakhala pansi kulemba lipoti. Fomu yathu ili ndi mzere wa nkhuku zotemeredwa, wa zofa ndi chitopa, wa nthomba, wa nyongolotsi. Wa zilombo palibe. Chonsecho mukafunsa mlimi aliyense woweta nkhuku zoyenda zokha kuti anapiye ake amathera kuti, asanatchule matenda amayamba watchula mphamba. Timatemera nkhuku katatu pachaka kuti zikule, n'kuzisiya m'makola oti chilombo chilichonse chingalowe, ndipo popeza sizilembedwa paliponse, kumtunda amaona ngati vutoli kulibe.

Ndinawafunsa abwana kuti nkhuku 19 zija ndizilembe pati. Anati, "Ikani pa mzere wa zina." Ndinawafunsanso ngati angalembere bungwe lija za waya. Anati aona. Kenako anandikumbutsa kuti Lolemba ndikakhalepo pogawa nkhuku ku gulu lachiwiri. Waya wake anafika kale, ali m'chipinda chosungiramo katundu, ndipo ndi yemwe uja.