Lipoti la ulendo wa kalabu ya masamu ku Blantyre

Loweruka lapitali mamembala a kalabu yathu ya masamu tinanyamuka ku Zomba m'mamawa pa minibasi, ndipo titadutsa pa Limbe tinakafika ku Chichiri, kumene anzathu a pasukulu ina ya sekondale anatiitana kuti tikakambirane za nambala za prime, zija zomwe palibe nambala ina ingazigawe popanda chotsala kupatula 1 ndi nambala yomweyo.

Aphunzitsi amene anatilandira anayamba ndi kutikumbutsa kuti Euclid anatsimikiza zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe kuti nambalazi zilibe mathero. Kenako anaonetsa kuti nambala imodzi ingakhale m'magulu angapo: 11 ndi 13 ndi mapasa chifukwa zimasiyana ndi 2, koma 11 yomweyo ilinso m'gulu la Sophie Germain, katswiri wa masamu wa ku France, popeza kuichulukitsa ndi 2 n'kuwonjezera 1 kumapereka 23, yomwenso ndi prime.

Nthawi yambiri inathera pa gulu la Marin Mersenne, wansembe wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600. Pano munthu amachulukitsana ma 2 angapo n'kuchotsa 1, monga ma 2 asanu amene amapereka 32, yomwe imatsala 31. Ophunzira ena anafulumira kunena kuti njirayi imabala prime nthawi zonse, mpaka mtsikana wina wa Fomu 3 anaimirira n'kulemba pa bolodi kuti ma 2 okwana 11 kuchotsa 1 amatifikitsa pa 2047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Chimene ine ndinaona kuti chinali mtima wa tsikulo ndi muyeso wa Lucas ndi Lehmer, njira yodziwira ngati nambala ya gulu la Mersenne ndi prime, umene tinauyesa ndi choko pa 31. Tinayamba ndi 4, kuichulukitsa ndi iyo yomwe n'kuchotsa 2, tinapeza 14. Titabwereza tinapeza 194, yomwe ikagawidwa ndi 31 imasiya 8, ndipo kubwerezanso pa 8 kunatipatsa 62, yomwe 31 imaigawa ndendende. Chotsala cha 0 chimenecho ndicho umboni woti 31 ndi prime. Apa m'pamene tinamvetsa chifukwa chake nambala za prime zikuluzikulu zodziwika zimakhala za gulu limeneli: sikuti ndizo zochuluka, koma kapangidwe kake kamalola kuziyesa mwachangu kusiyana ndi kugawa ndi nambala imodziimodzi.

Mu 1876 Édouard Lucas anatsimikiza popanda makina kuti ma 2 okwana 127 kuchotsa 1 ndi prime ya madijiti 39. Mu Okutobala 2024 Luke Durant, pogwira ntchito ndi gulu la GIMPS la anthu odzipereka ofufuza nambalazi ndi makompyuta, anapeza ya ma 2 okwana 136,279,841 kuchotsa 1, yomwe ili ndi madijiti 41,024,320. Titawerengera kuti tsamba limodzi lingatenge madijiti 3,000, tinapeza kuti kuilemba kungafune masamba oposa 13,000.

Tisanabwerere tinagwirizana kuti anzathuwa adzatiyenderenso ku Zomba, ndipo mbali iliyonse idzabwere itayesa 8191, yomwe ndi ma 2 okwana 13 kuchotsa 1, ndi muyeso womwewo, popanda kompyuta kapena foni.